NDALAMA ZA M'FONI NDI MAKHADI A KU BANKI: Mau amene Mlembi adalankhula pa tsiku la chikondwerero cha Chigwirizano

Komiti idandituma kuti ndinenepo mau pa nkhani ya ndalama zoyenda m'foni ndi makhadi a ku banki, popeza nkhani imeneyi yakhala ikubuka kawirikawiri pa misonkhano yathu, ndipo ine ndi amene ndimagwira buku. Sukulu yanga siidapite patali, kotero ndingonena zimene timaziona tonse m'midzi ndi m'misika yathu.

Agogo amene muli kutsogoloku mukukumbukira nthawi ya mapaundi ndi masheleni, pamene tiki imagula kanthu kooneka. Kwacha ndi tambala zidabwera mu 1971, ndipo paundi imodzi idasanduka makwacha awiri. Masiku amenewo ndalama ya mai idali ndi malo ake odziwika: pa nsonga ya chitenje, mu mpango, m'kachitini ka pansi pa mphasa, kaya mu mtsuko wokwirira kuchipinda. Amuna amene adali ku Joni kapena ku Halale amatumiza ndalama kudzera ku positi ofesi, ndipo mai amayenda ulendo wautali ndi kapepala m'manja, osadziwa ngati akapezako kanthu. Ena adali ndi kabuku kosungira ndalama ku positi komweko. Zidali zovuta ndithu, koma padali chinthu chimodzi: ndalamayo imaoneka ndi maso, imagwirika ndi manja, ndipo ngakhale mai wosadziwa kuwerenga amatha kuiwerenga.

Tsono lero zinthu zasintha. Airtel Money idayamba m'dziko muno mu 2012, ndipo Mpamba wa TNM adatsatira mu 2013. Poyamba tidaziona ngati za anthu a m'tauni, koma onani lero pa Msundwe tsiku la msika, kapena pa Nsaru, timatebulo ta maambulera ofiira ndi obiriwira tandandalika m'mbali mwa mseu. Munthu apereka ndalama kwa ejenti, ejenti adina foni yake, ndipo uthenga ulowa m'foni ya mwini wake kuti ndalama yafika. Wa Airtel amaimba *211#, wa Mpamba *444#, ndipo safuna foni yodula ai, kafoni ka mabatani komwe kagwira ntchito. Mabanki nawo adatsegula njira zawo, monga Mo626 ya National Bank, kotero kuti munthu atha kuchotsa ndalama ku banki ndi kuiika m'foni ali khale pakhonde.

Ndiyambe ndi kuyamika, pakuti zabwino zilipo zambiri ndipo kuzikana kungakhale kunama. Mwana akadwala usiku ndipo mwathamangira naye ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete, kale mumayenera kutuma munthu pa njinga kukauza abale. Lero muimbira mlongo wanu ali ku Kawale, ndipo madzi asanawire pamoto ndalama yafika. Maliro akagwa, chipepeso cha abale a kutali chimafika maliro asanaikidwe. Ana athu amene ali ku South Africa amatumiza pa Mukuru ndi njira zina zotere, osadikanso woyendetsa basi wa ku Johannesburg amene mwina afika nayo, mwina ai. Fizi ya mwana wa ku sekondale imalipiridwa mai asadataye tsiku lolima. Amene muli ndi magetsi a ESCOM mumagula mayunitsi pa foni. Ndiponso taganizani za kunyamula ndalama. Pepala la K1,000 lidatuluka mu 2012, la K2,000 mu 2016, la K5,000 mu 2022, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu mu May 2022 ndiponso mu November 2023, mitengo idakwera koopsa. Mu 2025 thumba limodzi la feteleza lidali litapitirira K100,000, ndiye kuti mapepala a K5,000 oposa makumi awiri pa thumba limodzi lokha. Mai wokagula matumba anai, akwere kabaza ndi mtolo wotere pachifuwa? Apo foni yatichotsera mantha.

Koma ndalama ya m'foni siyenda ulele. Potumiza adulapo, potapa adulaponso. N'chifukwa chake mwana waulemu potumiza amaikapo ndi yotapira yomwe. Mitengo yake imasintha nthawi ndi nthawi, ndipo ejenti aliyense ayenera kukhala ndi pepala la mitengo poonekera. Liyang'aneni, kapena mupemphe mwana akuwerengereni. Chimene ndaona ine ndi chakuti amene amatapa pang'onopang'ono, lero ya mchere, mawa ya sopo, mkuja ya chigayo, ndi amene amadulidwa zambiri pamapeto a mwezi. Nthawi zina mwafika kwa ejenti akuuzani kuti ndalama zamuthera, makamaka nyengo yokolola pamene aliyense afuna kutapa. Nthawi zina netiweki yasowa, mukwera pachulu kufunafuna. Nthawi zina foni yazima, ndipo kutchajitsa kwa wa sola ndi ndalamanso. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Musaike zonse m'foni, pakhomo pazikhala kochepa kogwirika.

Tsopano ndifike pa chimene chandiimika pano, ndipo ndipempha kuti tichere khutu. Ndalama ya m'foni si ya amene adaikhetsera thukuta. Ndi ya amene dzina lake lidalembedwa pa simu khadi, ndi amene adziwa nambala yachinsinsi. Mu 2017 boma lidalemba anthu m'kaundula wa unzika ndi kutipatsa ziphaso, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la munthu. Nthawi imeneyo amai ambiri a kuno kwathu adalibe foni, ndipo ena amene adali nazo adangotuma bambo kapena mwana kuti akalembetse. Choncho lero mai ayenda ndi foni m'chikwama, nayitcha yake, koma kwa a kampani nambala ija ndi ya munthu wina. Tsiku limene simu idzatayika kapena kuonongeka, iye sangathe kukaibwezeretsa yekha, pakuti adzamufunsa chiphaso chogwirizana ndi dzina la pa nambalayo. Ndalama yake yonse ya mtedza idzadikira chifundo cha mwini dzina.

Pali mabanja ambiri amene foni ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba la bambo. Sindikunena kuti abambo onse ndi oipa ai, ena a iwo ali pompano ndipo amatithandiza. Koma tinene zoona. Mwana wa ku Joni atumiza ya amake, uthenga ulowa m'foni ya abambo ake ali ku bawo, ndipo mai adzamva patapita mwezi, mwana akufunsa kuti kodi munagula malata aja? Kale bambo akatenga ndalama m'kachitini, mai amaona kuti kachitini kapepuka. Lero palibe chopepuka, foni ilemera chimodzimodzi, mukhale ndalama kapena musakhale.

Chimodzimodzinso ndi khadi la ku banki. Dera lathu lino ndi la fodya. Amene amafesa nazale, kuokera, kuthyola, kusoka ndi kusankha masamba mpaka zala kuda, ambiri ndi amai ndi ana. Mabelo akapita ku okushoni ku Kanengo, ndalama siibweranso m'manja, imalowa ku akaunti ya ku banki, ndipo akauntiyo nthawi zambiri ndi ya bambo kapena ya kalabu imene bambo adalembetsa. Khadi ali nalo ndi iye. Apita ku Lilongwe kukatapa pa makina a ATM, ndipo zimene zichitike pakati pa banki ndi depoti ya basi adziwa yekha. Tonse tidziwa mabanja amene bambo adabwerako patapita sabata ali ndi wailesi ndi kamba wa buledi basi. Chonsecho m'midzi yambiri ya ife Achewa munda umene fodyayo adamera ndi wa kuchikazi, bamboyo ndi mkamwini. Nanga bwanji mwini munda asadziwe zimene mundawo wabala? Mabanki amalola akaunti ya anthu awiri, ndipo amatumiza uthenga pa foni ndalama ikalowa kapena ikatuluka. Banja limene limvana lingathe kupempha kuti uthengawo uzifika pa nambala imene onse awiri amaiona. Mukalankhule nawo abambo kunyumba mwaulemu, nsima itadyedwa, osati pa anthu.

Mwina ena simudaonepo mmene khadi limagulira zinthu. M'masitolo akuluakulu a m'tauni ndi pomwetsera mafuta a galimoto pamakhala kamakina kakang'ono ngati foni. Wogulitsa alemba mtengo, alowetsa khadi lanu, inu mudina nambala yanu yachinsinsi, ndipo kamakinako kafunsa ku banki ngati muli ndi ndalama zokwanira. Banki ikavomera, ndalama ichoka kwa inu ndi kupita kwa mwini sitolo, ndipo katuluka kapepala. Kuyambira mu 2015 mabanki adalumikizana kudzera ku National Switch, ndiye chifukwa chake khadi la banki ina limagwira pa makina a banki inzake. Pamenepo pali ziwiri zoti musamale. Yang'anani mtengo umene walembedwa musadadine nambala yanu, pakuti ziro mmodzi woonjezera asandutsa K8,000 kukhala K80,000. Ndipo kamakina kakakana, wogulitsa n'kunena kuti tiyesenso, sungani timapepala tonse, popeza zimachitika kuti ndalama yachoka kawiri, ndipo ku banki adzafuna umboni. Kuno kumudzi khadi silidafike kwenikweni m'magolosale mwathu. Wa tomato pa Mpingu alibe kamakina. Kwa ife khadi ndi kiyi wa nkhokwe imene ili kutali, ndipo foni ndi imene ili pafupi.

Za nambala yachinsinsi ndinenepo pang'ono. Amai ambiri amapereka foni kwa ejenti, nanena mokweza anthu ali pamzere kuti nambala yanga ndi yakutiyakuti, mundidinire. Ena amaika chaka chawo chobadwa, chimene chalembedwa pa chiphaso chimene chili m'chikwama chomwecho. Ena amailemba kuseri kwa khadi. Kumeneko ndi kutseka chitseko ndi kusiya kiyi pa loko. Mai amene adziwa kuwerenga masiku a nkhuku yofungatira sangalephere kusunga manambala anai pamtima. Ndipo amene maso adafooka asankhe munthu mmodzi yekha womukhulupirira, osati mdzukulu aliyense amene wapezeka pafupi.

Akuba nawo adaphunzira msanga kuposa ife. Saboolanso khoma, amangoimba foni. Wina anena kuti ndatumiza ndalama kwa inu molakwitsa, chonde mundibwezere, mwana wanga ali m'chipatala, ndipo muona uthenga wooneka ngati weniweni, koma adaulemba yekha. Wina anena kuti ndine wa ku kampani, mwapata mphoto, tumizani kaye kochepa. Wina anena kuti dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo kapena pa feteleza wotsika mtengo, ndiuzeni nambala yanu yachinsinsi kuti tikulembeni. Wina adzitcha woyendetsa galimoto amene wanyamula katundu wa mwana wanu kuchokera ku Joni, ndipo wamangidwa pa chipata cha Dedza kapena cha Mwanza. Nyuzipepala ndi wailesi zakhala zikunena kuti ena mwa anthu amenewa amaimba ali m'ndende. Amadziwa kuti ife amai tili ndi mtima wachifundo, ndipo amatifulumizitsa kuti tisapeze mpata wofunsa. Wa kampani weniweni safunsa nambala yachinsinsi. Mphoto ya mpikisano umene simudalowe kulibe. Munthu akati walakwitsa potumiza, dulani foni, muone nokha ndalama zimene zili m'foni mwanu, ndipo mumuuze akadandaule ku kampani. Safunsa adadya phula. Ndipo mnzathu akaberedwa tisamuseke, pakuti manyazi ndi amene amachititsa kuti ambiri abise, wakubayo n'kupitirira kwa wina.

Pali kuba kwina kumene kulibe wakuba wochokera kunja. Foni imakongoza mayunitsi, imakongozanso ndalama, popanda mboni ndi popanda kuyang'anana m'maso. Kukongola kwa mnansi kumachititsa manyazi, ndipo manyaziwo amatiteteza. Ngongole ya m'foni ilibe manyazi, koma ili ndi chiongoladzanja, ndipo ndalama ikangolowa imayamba yadzibweza yokha. Anyamata athu ambiri alowa m'juga ya mpira, kubetcha pa foni matimu a ku England amene sadawaonepo. Mai abwereketsa foni kuti mwana aimbire mnzake, m'mawa apeza ya mbewu yatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Inu amene mumachita geni, ya mandasi, zitumbuwa, kaunjika, usipa kapena kuoda mtedza, foni yakutsegulirani njira. Musadagulitse thumba kwa venda wa sikelo pa mseu, mutha kuimbira mbale wanu afunse mtengo wa tsikulo ku msika wa Mgona. Wooda zitenje atha kulipira ali kuno katundu n'kubwera pa minibasi. Wogula sangathenso kunamizira kuti mulibe chenje. Komabe phindu la mandasi ndi laling'ono, ndipo ngati aliyense alipira pa foni, yotapira idya phindulo. Muziiwerengera poika mtengo. Ndipo venda akati ndatumiza, musayang'ane foni yake, yang'anani yanu, thumba lisakwere pa njinga uthenga usadafike kwa inu. Chinanso, ya mpamba ndi ya pakhomo zikasakanizika m'foni imodzi, geni imafa mwini wake osadziwa tsiku limene idayamba kudwala. Kabuku ka sukulu ndi pensulo zikadali ndi ntchito.

Ndibwere tsopano ku thumba lathu la gulu. Ambiri a ife tili m'mabanki m'khonde, ndipo mudziwa mwambo wake. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa amai atatu osiyana, ndipo bokosilo lisungidwa ndi wachinai amene alibe kiyi. Ndalama ziwerengedwa pamphasa anthu onse akuona, chiwerengero chinenedwa mokweza, ndipo aliyense apita kwawo akuchidziwa. Amene adakonza mwambo umenewu sadanene kuti msungichuma ndi wakuba. Adafuna kumuteteza kuti asayesedwe ndiponso kuti asanamiziridwe. Ngakhale m'Chigwirizano, zopereka za pamwezi, za odwala ndi za maliro takhala tikuziwerenga poyera chomwecho.

Nanga foni ili ndi maloko angati? Limodzi lokha, ndipo kiyi wake ali m'mutu wa munthu mmodzi. Masiku ano amai amene ali kutali, kapena amene atanganidwa, amangoti ndatumiza kwa amai asungichuma. Ndalama ya gulu ilowa m'foni momwe muli ya fizi ya mwana wawo ndi ya geni yawo. Pofika tsiku la msonkhano, wina ati ndidatumiza K5,000, buku likuti K4,500 chifukwa yotapira idachoka, uthenga udafufutidwa popeza foni idadzaza, ndipo amai awiri amene akhala akuimba limodzi zaka makumi awiri ayamba kudutsana osapatsana moni. Magulu ena m'dera lathu lino adapasuka pa nkhani yotereyi, pamene palibe ndi mmodzi yemwe adaba.

Chifukwa chake komiti idakhala pansi ndi kugwirizana zimene ndikuuzeni tsopano. Kutumiza pa foni sitikuletsa ai, pakuti kwathandiza kuti ndalama ya maliro isonkhane tsiku limodzi. Koma gulu likhale ndi nambala yakeyake, yosasakaniza ndi ya munthu, ndipo foniyo isungidwe ndi mai wina, nambala yachinsinsi idziwidwe ndi mai winanso, kuti potapa pazifunika anthu awiri. Wotumiza aikepo yotapira, asunge uthenga wake, ndipo adziwitse mlembi tsiku lomwelo kuti zilowe m'buku. Pa msonkhano uliwonse foni ija idzatsegulidwa pamaso pa onse, ndipo mai wina wosakhala wa m'komiti adzawerenga mokweza ndalama zimene zilimo, monga timachitira ndi bokosi. Ndalama zikachuluka zipite ku akaunti ya ku banki yosainira anthu atatu. Amai asungichuma athu ndi amene adayamba kupempha zimenezi, ndipo ndiwathokoza pamaso panu.

Katsala kamodzi kamene sitikonda kukanena. Munthu akamwalira, kachitini kamapezeka posesa m'nyumba, koma ndalama ya m'foni ndi ya ku banki siipezeka ndi tsache. Abale ayenera kupita ku ofesi ya kampani kapena ku banki ndi makalata otsimikiza imfa ndi otsimikiza kuti iwo ndi oyenera kulandira, ndipo ngati sadziwa n'komwe kuti kudali ndalama, palibe amene adzapite. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa, ndipo nambala ija pambuyo pake ipatsidwa kwa munthu wina. Amasiye ndi ana atha kugona ndi njala ndalama ya mai wawo ilipo. Simuyenera kuulula nambala yachinsinsi, koma munthu mmodzi wa m'banja adziwe kuti mumasunga kuti ndi kuti.

Tikatha kudya, atsikana athu atatu a ku sekondale akhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Mai aliyense amene afuna kudziwa ngati nambala yake idalembedwa m'dzina lake, kapena afuna kuphunzira kuona ndalama zotsala ndi kusintha nambala yachinsinsi, apite kumeneko ndi foni yake ndi chiphaso chake. Tawalangiza kuti akuonetseni podina, koma pofika pa nambala yachinsinsi atembenuke, mudine nokha. Amene mupezeke kuti nambala ili m'dzina la wina, mundipatse maina anu ndisadatseke buku, kuti tipangane tsiku lopitira limodzi ku ofesi ya kampani ku Lilongwe.